Chimanga cha a Mhango ndi Mawu Ako pa Wailesi

Mwazisi, Lachinayi madzulo

Lusungu mwana wanga,

Wapita kukatsanzikana ndi anzako akukwaya, amayi ako ali kuseri akukazinga mtedza woti unyamule mawa, ndiye ine ndakhala pakhonde pano ndi kope langa lakale la kuntchito kuti ndilembe zimene pakamwa panga pakhala pakukana sabata yonseyi. Ukundidziwa. Pamsonkhano wa alimi ndinkatha kulankhula mpaka anthu kuyamba kusinza, koma ndikati ndicheze ndi mwana wanga, mawu amathera pa kufunsa ngati wadya. Kalatayi ukaipeza m'thumba la m'mbali la chikwama chako. Usaitsegule pa matola, ingakuulukire ndi mphepo. Ukaiwerenge utafika ku Lilongwe, utakhala pansi.

Ndiyambe ndi kunena poyera kuti ndikunyada, ndipo kunyada kwake n'kopanda manyazi. Ine ndinafika kuno kuchokera ku Ntcheu boma litandituma kudzakhala mlangizi wa zaulimi, ndili ndi sutikesi imodzi ndi Chitumbuka cha mawu awiri okha, monire ndi yewo, ndiye kuti moni ndi zikomo. Sindinkalota kuti kumapeto a msewu wafumbi uno kudzatuluka mwana wanga wokaphunzira za chuma ku Zomba, n'kulembedwa ntchito yotola ndi kuwerenga nkhani za chuma pa wailesi yomveka dziko lonse. Kuno amakutcha NyaMbewe, kwathu ku Ntcheu akanati Nambewe, ndipo mbali zonse ziwiri ndazitopetsa ndi dzina lako. Amayi ako akuti ndaonjeza, poti ngakhale munthu wodzabwereka khasu ndikumamuuza za digiri yako. Akunena zoona, ndipo sindisiya.

Koma pali chinthu chimodzi chimene chikundisowetsa mtendere, ndipo ndicho chandigwiritsa cholembera. Anthu akuno akadzatsegula wailesi sadzamva mtolankhani wa ku Lilongwe ayi. Adzamva mwana amene ankamuona akupita kuchigayo ndowa ili pamutu, ndipo chimene udzanene adzachilandira ngati chochokera kwa m'bale wawo. Wina adzagulitsa zokolola zake chifukwa cha mawu ako, wina adzasunga. Udindo woterowo ine ndinaugwirapo, ndipo unandipulumuka m'manja. Sindikufuna kuti nawe ukupulumuke.

Unandiuzapo kuti kusukulu kwanu nkhani za chuma mumazigawa pawiri, microeconomics ndi macroeconomics. Ine lilime limandipindika, ndiye ndimangoti za pakhomo ndi za dziko lonse. Za pakhomo ndi monga mtengo wa ndowa ya chimanga pa Bolero, chifukwa chimene amayi ako amakwezera mazira ikayandikira Khirisimasi, kapena mlimi akamaganiza zoti chaka chino alime fodya kapena soya. Za dziko lonse ndi monga mphamvu ya kwacha, kusowa kwa ndalama zakunja, chiwongoladzanja chimene banki yaikulu yalengeza, ndi zokolola za zigawo zonse zitaphatikizidwa. Vuto ndi loti wailesi imawerenga zonsezi motsatizana, ndi mawu amodzimodzi, osachenjeza womvera kuti apa tachoka pamsika, tafika pa dziko. Ine ndinazisokoneza katatu m'moyo wanga. Ndikuuza zonse, ngakhale zina sizindiyenera kuuza mwana.

Cholakwa choyamba ndicho chachikulu, ndipo chinachitika chaka chimene unayamba kuyenda. Nthawi imeneyo anali atangondipatsa njinga yamoto kuntchito, mutu n'kundikula kuposa chipewa. Itangotha nthawi yokolola, wailesi inalengeza kuti dziko lakolola chimanga chochuluka kuposa chimene tingadye, ndipo mtengo wake utsika. Ine ndinaona ngati ndatola nzeru yoti alimi anga alemere nayo. Ndinaitanitsa kalabu yonse ya alimi, n'kuwauza kuti agulitse chimanga msanga mavenda akadagula bwino, asunge ndalama, kenako adzagule chimanga chomwecho motchipa mtengo ukagwa. Wapampando wa kalabuyo anali a Mhango, omwe ukuwadziwa aja a kutsidya kwa dambo, mkulu wa mpingo, mlimi wa mizere yowongoka ngati anachita kuyeza ndi chingwe. Anali ndi ng'ombe ziwiri zapangolo, ndipo pa alimi onse ndiwo ankandikhulupirira kwambiri. Mkazi wawo anaimirira kumbuyo n'kufunsa mwaulemu kuti chimanga chochulukacho chili kuti, poti midzi ya m'mphepete mwa nkhalango ya Vwaza njovu zinali zitadya minda, ndipo cha ku Bolero ng'amba inali itawotcha chimanga chisanakhwime. Ine ndinayankha kuti chili m'dziko muno, amama, wailesi yanena. Anthu anaseka, ndipo ankaseka mayiyo, osati ine.

Chimene chimandipweteka mpaka lero, Lusungu, n'choti minda yopsayo ndinkaidziwa. Ndinkadutsamo ndi njinga sabata iliyonse, mapesi ofota akundikwapula m'miyendo. Koma ndinakhulupirira munthu wa pa wailesi kuposa maso anga. A Mhango anagulitsa pafupifupi nkhokwe yonse, ena n'kuwatsatira chifukwa wapampando watsogola. Ndipo wailesi sinaname ayi. Chimangacho chinalipodi, kuchigawo chapakati. Koma kuti chifike kuno chinafunika lole, mafuta ndi msewu, pomwe mvula itangoyamba msewu wathu unasanduka phala, malole n'kumatembenukira panjira. Anthu amene sanakolole anayamba kusaka chakudya msanga, ogulitsa anali ochepa, mtengo wa pamsika pathu n'kuthawa. Ndalama zimene a Mhango anasunga sizinabweze ngakhale theka la chimene anagulitsa. Anagulitsa ng'ombe imodzi, kenako inayo, ngolo n'kungokhala pabwalo nkhuku zikugonamo. Tsiku lina ndinawapeza akupalira ganyu m'munda wa munthu amene kale ankadzapempha ganyu kwa iwo. Ndinafuna kudutsa ngati sindinawaone, koma anandikodola. Sanakalipe. Anangotsamira khasu n'kunena kuti:

"Alangizi, chimanga cha mu wailesi chija ana akulephera kuchitafuna. Yewo chomene."

Ife m'nyumba muno sitinagone ndi njala, chifukwa ine ndinali pa malipiro a boma. Iwe unkadya phala lako la mtedza m'mawa uliwonse, ana a a Mhango akudya kamodzi patsiku. Manyazi amenewo sanandichokepo. Ndinapita kukapepesa, ananditulutsira mpando panja, anandimvetsera, anandithokoza chifukwa chobwera, basi. Kuchokera pamenepo moni wathu wakhala wa pamsewu ndi wa pakhomo la tchalitchi, ndipo pakhomo pano phazi lawo silinapondeponso kwa zaka zoposa makumi awiri. Alimi anandipatsa dzina loti a Wailesi Yanena. Ngakhale ndiwauze zoona zenizeni, za kutalikirana kwa mizere kapena nthawi yothira feteleza, ankangogwedeza mutu mwaulemu n'kukachita zawo. Ndiye uzikumbukira, mwana wanga, kuti nkhani ikhoza kukhala yoona ku dziko lonse koma n'kugonetsa munthu ndi njala pakhomo pake. Ukamawerenga zoti dziko lakolola zambiri, uzinenanso kuti zakololedwa kuti, ndi kuti madera ati sanakolole.

Cholakwa chachiwiri chinabadwa kwa choyambacho. Nditapsa chomwecho ndinalumbira kuti za pa wailesi ndathana nazo. Nkhani za chuma zikangoyamba ndinkasintha siteshoni n'kuika nyimbo. Ndinkati za kwacha ndi za dola ndi nkhani za anthu ovala mataye ku Lilongwe, ife zathu ndi mvula ndi khasu. Chaka china, iwe uli ku sekondale, kamunda kathu ka fodya kanatichitira bwino ku okushoni ya ku Mzuzu, ndipo tinagwirizana zofolera ndi malata nyumba ino, imene tinamanga titaganiza zokhazikika konkuno. Amayi ako anati tigule pompo. Iwo ankamva kwa azimayi anzawo oyenda geni ku Mzuzu kuti galimoto zikugona pamzere wa mafuta, masitolo akuluakulu ayamba kubisa katundu, ndipo anthu akusaka ndalama zakunja mwamseri. Anandiuza kangapo kuti kukubwera chinthu. Ine ndinauma mutu. Ndinali nditaona ndi maso anga malata ataunjikana m'sitolo ina pa boma pa Rumphi, opanda owagula, ndipo ndinkadziwa kuti katundu akaunjikana mwini wake amatsitsa mtengo. Ndinati tidikire mwezi umodzi, adzachita kutinyengerera kuti tigule.

Pa nzeru za pamsika ndinkanena zoona, ndipo mphunzitsi wako wa ku Zomba akanandichonga. Chimene ndinaiwala n'choti chitsulo cha malatawo chimachokera kunja, ndipo chimagulidwa ndi ndalama zomwe ndinkati sizindikhudza zija. M'mawa wina kunamveka kuti mphamvu ya kwacha aichepetsa. Sitolo ija inatsekedwa masiku awiri, akuti akuwerenga katundu, ndipo potsegula malata anali omwe aja, fumbi lake lomwe lija, mtengo wokha ndiwo unali wachilendo. Ndalama zathu zinangokwana kufolera kutsogolo. N'chifukwa chake chipinda chako chinakhalabe cha udzu mvula zina zitatu, iwe n'kumasuntha mphasa ndi mabuku, mabeseni atandanda pansi. Unkaganiza kuti ndi umphawi, ndipo ine ndinakusiya uganize choncho. Sunali umphawi, linali liuma la bambo ako. Amayi ako sananditonzepo ndi pakamwa, koma mvula ikayamba kudontha ankandipatsa ineyo beseni kuti ndikaike. Apanso uzikumbukira, Lusungu, kuti za dziko lonse sizikhala ku Lilongwe kokha, zimafika mpaka padenga la munthu. Ukamva kuti kwacha ikugwedezeka, usangowerenga chilengezocho n'kudutsa. Uziwauza anthu kuti chimenechi chikafika pa feteleza, pa sopo ndi pa mtengo wa matola.

Chachitatu ukuchidziwa chifukwa unalipo, koma sukudziwa chimene ine ndinaona tsiku limenelo. Unali patchuti, chaka chako chachiwiri ku Zomba, ndipo tinapita limodzi pa Bolero kukagula mafuta ophikira ndi shuga. Apo n'kuti nditabwereranso ku wailesi, poti denga linali litandiphunzitsa. Dzulo lake anali atalengeza kuti kukwera kwa mitengo ya zinthu kwachepa. Ndinalowa m'golosale muja ndi mtima woti lero tigula motchipa, n'kupeza mafuta akwera kuposa mwezi wathawo. Ndinapsa mtima. Ndinamuuza mwini golosale kuti akutibera masana dzuwa likuswa mtengo, kuti boma lanena kuti mitengo yatsika ndipo iye akubisa. Anthu anayamba kusonkhana pakhomo, ena n'kumandivomereza. Iwe unandigwira mkono pang'onopang'ono, ndipo mwaulemu, osandichititsa manyazi kuposa mmene ndinadzichititsira ndekha, unati:

"Adada, matola akamakwera chitunda n'kuchepetsa liwiro, ndiye kuti ayamba kutsika? Akukwerabe, koma pang'onopang'ono. Ndi zimene ananena dzulo."

Kenako unatembenukira kwa anthu aja n'kubwereza m'Chitumbuka cha amayi ako kuti aliyense amve. Unawauza kuti chimene wailesi imalengeza chimachokera pa katundu wambirimbiri ndi m'matauni ambiri zitasakanizidwa, pomwe botolo la mafuta la pa Bolero lili ndi nkhani yakeyake, ya kumene mwini golosale amakapikula ndi ya galimoto imene yalibweretsa. Mwini golosale anaseka n'kukutsegulira botolo la chakumwa, ine osandipatsa. Manyazi anandigwira ndithu, koma pansi pa manyaziwo mtima unkavina, chifukwa zimene zinanditengera ine zaka makumi awiri, nkhokwe za anthu ndi denga la nyumba, iwe unazimasula m'mawu ochepa ndipo wogulitsa tomato yemwe anamva. Chimene sunaone n'choti pakona, pathumba la mchere, panakhala a Mhango akudikira matola, chipewa chili pabondo. Anangokuyang'ana mpaka tinatuluka.

Tsono malangizo anga si ambiri, ndipo za mabuku sindingakuphunzitse, unandipitirira kalekale. Nkhani iliyonse ikafika patebulo pako uziyamba wadzifunsa kuti iyi ndi ya dziko lonse kapena ndi ya pakhomo pa munthu, kenako uziwauza omvera yankho lake momveka. Ikakhala ya dziko, uitsitse mpaka ifike pamsika. Ikakhala ya msika umodzi, usaikweze n'kuisandutsa ya dziko, chifukwa tomato akatchipa ku Lilongwe sindiye kuti Malawi yense walemera. Akuluakulu a m'maofesi adzakupatsa mapepala okongola, uwalandire ndi manja awiri, koma usanawerenge uziimbira foni amayi ako n'kuwafunsa kuti ndowa ili bwanji pa Bolero sabata ino. Iwo sanapite ku Zomba, koma pa nkhani ya malata anawina ndi iwo. Ndipo pamene sukudziwa, uzinena kuti sizikudziwika. Ine mawu amenewo ankandilemera ngati thumba la feteleza, ndinkaona ngati mlangizi akawanena ndiye kuti wavula. Ndikanawanena tsiku la msonkhano lija, anthu akanasunga chakudya chawo.

Uzikhalanso ndi za pakhomo pako iwe mwini. Usadzakhale munthu wofotokozera dziko lonse za chuma uku malipiro akukuthera pa tsiku la khumi la mwezi. Ku Lilongwe zonse n'zogula, ngakhale nkhwani. Anzako akamapita kodyera kodula, palibe manyazi kutulutsa mtedza wa amayi ako. Tchalitchi ukapeze sabata yoyamba yomweyi, ndipo Chitumbuka usakachibise, ngakhale ine bambo ako ndimachilankhulabe mokhota mpaka ana kumaseka.

Tsopano ndikuuze chimene chachitika lero, chimene chapangitsa kuti kalatayi isadikire. Masana, iwe utangonyamuka kupita kukwaya, ndinamva odi kubwalo. Potuluka ndinapeza ndi a Mhango, ndodo kudzanja limodzi, nkhuku yomanga miyendo kudzanja linalo. Akalamba, mwana wanga, msana wayamba kuwerama. Ndinasowa chochita, ndinangoima ngati mlendo ndine. Amayi ako ndiwo anathamanga kukatenga mpando, ndipo a Mhango sanakhale panja, analowa m'nyumba. Nkhukuyo akuti ndi yako, ya pa ulendo. Tinamwa tiyi, tinakamba za kuzizira kwa chaka chino, za denga la tchalitchi, za njovu zomwe zavutanso kumpanda wa Vwaza. Ine ndinkangodikira, poti munthu sabwera patatha zaka zonsezi kudzakamba za kuzizira.

Atamaliza tiyi anaika kapu pansi n'kundiuza kuti chaka chino Mulungu wawakomera mtima, chimanga chili m'matumba m'nyumba, ndipo mavenda apachika kale masikelo pamsewu. Mwana wawo wamkulu akuti agulitse tsopano, mkazi wawo akuti asunge, ndipo m'nyumbamo mwakhala mkangano sabata ziwiri. Kenako anati:

"Ine ndawauza kuti tidikire. Mwana wathu Lusungu akuyamba ntchito Lolemba. Chimene akanene iyeyo, ndicho tichite."

Ndinayesetsa kuwabweza. Ndinawauza kuti wailesi imalankhulira dziko lonse, kuti iwe sukaona m'nyumba mwawo uli ku Lilongwe, kuti ayambe ayang'ana pakamwa pamene akudyetsa, minda ya anansi awo ndi msewu wathu, n'kupatula chakudya cha chaka chonse asanagulitse ngakhale ndowa imodzi. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, akugwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Zimenezo mukanandiuza kale, alangizi," anatero. "Koma uyu ndinamumva ndekha pa Bolero. Uyu amasiyanitsa."

Ndinawaperekeza mpaka kudambo, tikuyenda pang'onopang'ono chifukwa cha mwendo wawo, ndipo polekana anandigwira dzanja nthawi yaitali. Pobwerera ndinaima kaye kuseri kwa chigafa cha fodya kuti amayi ako asaone maso anga. Sindinanyadepo chotere chibadwire, Lusungu, ndipo sindinachitepo mantha chotere.

Ndiye pita bwino, Nambewe. Tsiku limene adzakupatse maikolofoni sindikulidziwa, mwina adzayamba akutuma kaye kukatola nkhani za ena. Koma kuyambira Lolemba, madzulo aliwonse, kutsidya kwa dambo kudzakhala bambo wokalamba atatchera khutu pa wailesi, matumba ake ali chimangire. Ukadzatsegula pakamwa, uziyankhula ngati ali patsogolo pako. Banja limeneli linagonapo ndi njala chifukwa cha mawu ochokera m'nyumba muno. Lero abwera kudzatikhulupirira kachiwiri, ndipo kachitatu sikudzakhalako.

Mulungu akutsogolere pamsewu ndi pantchito.

Ndine bambo ako wokunyadira,
Mbewe